Mzere Wachisanu

Ndafika bwalo lidakali m'tulo.
Nkhungu yakwera kuchokera kudoko,
yameza zigoli, yameza mipando,
yangosiya ine ndi Don Heriberto
ndi chitini chake chodontha laimu.
Iye akukoka, ine ndagwira chingwe.
Mizere isanu ndi itatu.
Wachisanu wapindika pang'ono pakati
pamene mkuluyu anatsokomola.

Miyezi itatu ndakwera masitepe a Valparaíso
makalata ali kukhwapa.
Kukhonsolo akuti bwerani Lachiwiri,
Lachiwiri akuti wosayina wagwidwa chimfine.
Sukulu khumi ndi zinayi zinavomera,
zitatu zinatumiza mayina opanda zaka.
Mayi wina wa ku Cerro Barón
anasayina chilolezo kuseri kwa lisiti la buledi.
Ndalisunga. Likununkhirabe uvuni.

Tsopano mabasi akutsika zitunda, mabuleki akulira,
akulavula ana ngati nthanga.
Mapini atha.
Manambala otsala tikumata ndi selotepi.
Anyamata awiri a kwa Huenchul
abwera ndi peyala imodzi ya nsapato:
wamng'ono athamanga m'mawa,
wamkulu wakhala pa udzu ndi masokosi okha,
maso ali pamapazi a mphwake
ngati mwini njinga yobwereketsa.

Rayén mulibe m'kaundula.
Ndayendetsa chala kawiri, tsamba ndi tsamba.
Sakulira. Wangoima njo,
zingwe za nsapato zomanga mfundo ziwiriziwiri,
akuti, ndadzuka folo koloko.
Lamulo loti ochedwa asalowe ndinalemba ndine,
usiku, nditakhuta, ndili ndekha,
pamene lamulo linalibe nkhope.
Ndavundukula cholembera ndi mano.
Mzere wachisanu, wopindika uja, ngwake.

Pamzere!
Bwalo lonse zii.
Don Heriberto wakweza matabwa ake awiri,
poti mfuti inkafuna kalata inanso,
koma asanawombanitse
sitima ya makontena kudoko yalira, buuu!
Ana asanu ndi mmodzi balala!
Awiri atsala chogwada, akundiyang'ana.
Galu wachikasu wa kumsika,
wosalembetsa nayenso,
walowa mzere wachitatu, lilime panja,
ndipo ndiye akutsogola.

Bambo wina wandifika pakhosi, wotchi m'manja,
akuti mwana wake wapambana, zilembedwe.
Ndikuti bambo, liwiro la mumchenga
n'kuyambira limodzi,
ndipo sitimayo sili pamndandanda wa oweruza.
Akuti akandinenera kukhonsolo.
Ndikuti mupite Lachiwiri.
Kumbuyo kwake mwanayo akutafuna kolala,
akufunsa ngati galuyo apatsidwa mendulo.

Tabwereza. Matabwa akuti phwa!
Mamita zana ndi afupi
kwa munthu amene wawadikira miyezi itatu:
ndangophethira, fumbi kobo,
chifuwa cha wina chadula ulusi.
Wotchi zitatu zanena nthawi zitatu.
Tatenga yapakati, monga tichitira chaka chilichonse.

Rayén wachinayi.
Mendulo zilipo zitatu.
Wabwera akupuma ngati mvukuto,
sanafunse za mendulo, wafunsa nthawi yake.
Ndamuuza. Wabwereka cholembera chija,
walemba manambalawo pamkono,
pamwamba pa chipsera cha katemera,
akuti chaka chamawa mundilembe woyamba.

Madzulo mphepo yatenga tsamba la kulumpha,
lapita chakunyanja ndi mayina khumi ndi awiri.
Ndiwakumbukira. Mwina.
Wamkulu wa kwa Huenchul anathamanga masana
m'nsapato zofunda thukuta la mphwake.
Ndikutola mapini m'udzu,
zikopa za malalanje, sokosi imodzi yopanda mwini.
Mizere yafufutika yonse,
wowongoka ndi wopindika chimodzimodzi.
Don Heriberto akudandaula laimu wake,
akuti matumba awiri, taonani, psiti.

Koma potuluka pageti ndawerama.
Laimuyo sanathe ayi.
Wapita ndi zidendene,
timapazi toyera tikuwoloka msewu,
tikudutsa pa shopu ya nsomba,
tikukwera masitepe, tikuchepa, tikuchepa,
kulowera kumapiri onse a mzinda uno.